Zipilala pa Nyumba ya Ababa

Zaka zimene masitolo a ku Bindura anali mashelefu okhaokha, ine ndinkakhala ku Chiwaridzo, m'kachipinda ka lendi kuseri kwa nyumba ya mayi wina wolongolola. Masana ndinkataipa pa kaofesi kena m'tauni, madzulo n'kubwerera kukachipinda kaja, n'kudzitsekera. Amayi anali atatisiya kale. Achimwene anga anali atalowera ku Joni. Anzanga a kukwaya onse anali atakwatiwa, ndipo tikakumana kutchalitchi nkhani inali ya matewera basi. Chichewa ndinkayankhula ndi munthu mmodzi yekha, ababa, amene ankakhala kukomboni ya mgodi wina waung'ono kunja kwa tauni, njira ya ku Matepatepa. Masiku ena ndinkakalipira ketulo m'Chichewa kuti lilime lisachite dzimbiri. Ndinali ndekha, ndipo zinkandiwawa, sindibisa.

Achimwene pochoka anandisiyira kamera yawo ya filimu, yolemera ngati njerwa, imene ndinkangotsekera nayo chitseko kukakhala mphepo. Loweruka lina ndikuchokera pa mzere wa buledi, buledi wake osamupeza, ndinaona anthu atatu ataima m'mphepete mwa msewu, makosi ali m'mwamba, akuyang'ana denga la sitolo yakale ya amwenye. Ndinayesa kuli njoka. Nditafunsa, bambo wina wamagalasi, imvi zili mbuu, anandiyankha kuti akudikira mthunzi uchoke pakhoma.

"Mthunzi?" ndinatero. "Dziko lonse likudikira shuga, inu mukudikira mthunzi?"

Anaseka onse atatu. Ndinachoka ndikunena chamumtima kuti anthu awa mitu siikuyenda bwino. Loweruka lotsatira ndinabwera ndi kamera yanga m'chikwama.

Wamagalasi uja anali mphunzitsi wa kusekondale, ndipo ndi amene ankatsogolera gululo. Tinkangowatchula kuti Aphunzitsi. Wina anali namwino, mayi wonenepa woseka ndi thupi lonse. Wachitatu anali bambo wokonza mawailesi pamsika, wosayankhulayankhula, koma akatsegula pakamwa umalakalaka akanangokhala chete. Tinkayankhula Chishona ndi Chingerezi. Ndikulemba mawu awo m'Chichewa chifukwa ndi mmene ndinkawabwerezera ndikafika kuchipinda kwanga.

Lamulo lawo linali limodzi: timajambula nyumba, anthu ayi. "Munthu akangolowa pachithunzi, maso onse amathamangira kwa iye, nyumba n'kusanduka mlendo," Aphunzitsi ankatero. Choncho tinkaima padzuwa kudikira kuti mayi wa dengu adutse, wa njinga adutse, galu adutse, kenako n'kudina. Tinajambula makhonde a masitolo akale, masailo, nkhokwe zazitali za simenti zosungiramo chimanga, mazenera a kusiteshoni ya sitima, ndi thanki ya madzi imene ndinkaidutsa tsiku lililonse osaiona. Nyumba za boma tinkazilambalala, chifukwa nthawi imeneyo kuloza kamera kumeneko kunali kuputa mavu. Ine zonsezi zinandikomera. Nyumba siikufunsa kuti ukwatiwa liti. Siikufunsanso kuti kwanu kwenikweni n'kuti, funso limene ife ana a matchona limatipeza paliponse, pomwe ku Malawiko sitinapondeko n'kamodzi komwe.

Zithunzi zikatsukidwa tinkakumana m'kalasi mwa Aphunzitsi, n'kuziyala pa desiki popanda kunena kuti ichi n'cha ndani. Aliyense ankanena zakukhosi. Tsiku langa loyamba, wa mawailesi ananyamula chithunzi changa cha masailo, n'kuchipendeketsa uku ndi uku.

"Amene anajambula ichi mwendo wina ndi waufupi," anatero. "Chimanga chonse chikhuthukira ku Shamva."

Asa! Ndinapsa mtima mpaka makutu kutentha. Ndinamuuza kuti mawailesi amene amakonza amalira ngati achule. Namwino anaseka mpaka misozi, ndipo aliyense anadziwa kuti chithunzicho n'changa. Ndinalumbira kuti sindidzabweranso. Koma sabata yonse ndinkayang'ana makoma kuona ngati aima chilili, ndipo ndinazindikira kuti papita nthawi yaitali munthu asanayang'ane chinthu changa mpaka kuchipezera vuto. Ndinabwerera.

Kenako filimu inasowa. Malo otsukira zithunzi m'tauni anatseka, ndipo filimu inkafika imodziimodzi, wina akabwera nayo kuchokera ku Joni pamodzi ndi sopo ndi mafuta ophikira. Aphunzitsi ndiye anapeza nzeru: filimu imodzi tizigawana tonse, aliyense m'kamera mwake. Zinkayenda chonchi. Iwe ukajambula gawo lako, umayang'ana nambala imene kamera yafika. Kenako umabweza filimu m'kachitini kake pang'onopang'ono, khutu lili pakamera, ndipo ukamva kuti "the", umaima, kuti lilime la filimu litsale kunja. Mnzako akailandira amaiika m'kamera mwake, n'kutseka diso la kamera ndi chivindikiro, n'kumadina mumdima mpaka atadutsa nambala yako. Pamenepo ndiye amavundukula n'kuyamba zake. Nambala tinkangouzana pakamwa popatsana. Filimu imodzi inkatha miyezi, ikuyenda m'matumba mwathu ngati mbale ya mchere pakati pa nyumba zoyandikana, ndipo ikadzadza Aphunzitsi ankapita nayo ku Harare kukatsukitsa.

Ndi m'nyengo imeneyo pamene mgodi wa ababa unatsekedwa. Anthu a kukomboni anauzidwa kuti asamuke, nyumba zigwetsedwa. Ababa anali atagwira ntchito pansi pa nthaka kuyambira ali mnyamata, atangofika kuchokera ku Dedza. Tsopano chifuwa chinali chitatha, maso atachita ng'ala, ndipo nkhani zina ankazibwereza kawiri. Kachipinda kanga sikakanatikwana, ndiye azakhali anga, mlongo wawo, anabwera kudzawatenga kupita nawo ku Wadzanai, ku Shamva. Ababa anakwera lole atakumbatira wailesi, osacheuka.

Nditapita kukawaona ku Wadzanai, ndinawapeza atakhala pampando kuseri kwa nyumba, atayang'ana mpanda. Tinacheza za chifuwa, za mvula. Ndikutsanzika anandigwira dzanja.

"Iwe, paja umajambula nyumba?"

"Eya, ababa."

"Ukandijambulire yanga ija asanagwetse. Maliro a amayi ako anatulukira pakhomo lomwe lija. Ndikufuna ndiziiona."

"Bwenzi mutanena muli konko, ndikanakujambulani mutaima pakhomo."

"Ayi, ine nkhope ndili nayo pano. Nyumba ndi imene yatsala."

M'moyo mwanga monse ababa sanandipemphepo kanthu, ngakhale madzi akumwa ankakatunga okha. Ndinawalonjeza.

Loweruka ndinauza gulu kuti tipite tonse kukomboni. Ndinkafuna aione, aiyang'ane ndi makosi m'mwamba monga ankachitira ndi masitolo a amwenye. Namwino anati ali pantchito. Wa mawailesi anati kombi, minibasi ya kumeneko, njovuta, mafuta kulibe. Aphunzitsi anavula magalasi n'kumawapukuta.

"Sisi, nyumba za kukomboni zimafanana zonse. Ukaona imodzi waona zonse. Filimu ndi yochepa."

Iii, ndinawalasa mawu. Ndinawauza kuti ine ndinabadwira m'menemo, ndipo usiku wopanda mwezi ndinkatha kuloza nyumba iliyonse ndi dzina la mwini wake. Ndinawauza kuti zimafanana kwa munthu amene amazionera pa zenera la basi. Anapepesa mwaulemu, koma palibe anasintha maganizo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Filimu inali m'manja mwanga sabata imeneyo, gawo langa linali zithunzi zinayi, ndipo ndinaganiza kuti zonse zinayi zithera pa nyumba ya ababa.

Ndinanyamuka Lamlungu, kutchalitchi osapita. Kombi sinapezeke. Ndinakwera thirakitala ya fodya yopita ku Matepatepa, n'kutsikira pamphambano, kwinako wapansi. Komboni ndinaipeza ili zii. Mizere ina malata anali atachotsedwa kale, makoma ali yasa. Pampopi pamene tinkakanganirana ndowa panali mbuzi ziwiri. Pabwalo pamene agule ankavina Loweruka la malipiro panali patamera chisoso. Ndinapereka moni mokweza, mwachizolowezi, koma panalibe wondiyankha.

Yathu inali ikadali ndi denga. Aphunzitsi akanabwera ndikanawaonetsa zenera lachiwiri limene ababa anaboola okha ndi chizulo, chifukwa nyumba za kampani zinali ndi zenera limodzi ndipo amayi ankati utsi uwapha. Linali lopendekeka pang'ono, lalikulu kuposa linzake. Ndikanawaonetsa kakhonde kamene amayi ankapaka polishi wofiira mpaka kumaterereka, ndi misomali itatu pakhoma pamene ababa ankakoleka chipewa cha kumgodi, nyali ndi jekete. Mtengo wa pichesi unali pambali, utayamba maluwa ngati palibe chachitika.

Dzuwa linali pamutu, khoma lili mbee, ndiye ndinakhala pakakhonde kudikira kuti lipendeke, monga anandiphunzitsira. Ndinadya mbatata yanga. Ndinayankhula ndi amayi pang'ono, m'Chichewa, kuwauza kuti achimwene salemba, kuti ababa akutsokomola, kuti ine ndilipo basi. Kuwala kutafika pofuna ine, ndinaima patsogolo pa nyumba, kamera pamaso, chala pabatani, koma osadina. Patapita kanthawi ndinazindikira chimene ndinkadikira: ndinkadikira kuti anthu adutse. Panalibe woti adutse. Ndinalira pamenepo, kenako ndinapukuta maso ndi chitenje n'kujambula. China kutsogolo, china chapambali kuti zenera la ababa lioneke, china khomo lokha, china nyumba ndi pichesi. Ndinayang'ana nambala, n'kubweza filimu khutu lili pakamera, mpaka ndinamva ka "the" kaja.

Wotsatira anali Aphunzitsi. Ndinawapatsa filimu m'manja, n'kuwauza nambala kawiri. Anagwedeza mutu, maganizo ali pa nyumba ina yakale pakati pa tauni, ya zipilala zinayi zoyera, imene kale inali banki. Anali akuidikirira kwa nthawi yaitali kuti ogulitsa tomato pamasitepe ake asadzabwere tsiku lina.

Kenako kunali kudikira. Namwino anapeza ntchito ku Ulaya, anatitsanzika ndi mabisiketi, kamera yake n'kugulitsa. Tinatsala atatu, ndipo Loweruka lina ndinkapezeka ndekha pakhonde la sitolo, kudikira anthu osabwera. Ababa ndikapita ankafunsa, "Chatuluka?" Ine, "Sichinatuluke, ababa, filimu sinadzadze." Iwo, "Chabwino," n'kutembenukira kumpanda.

Mvula isanayambe ndinamva kwa mayi wina wa kutchalitchi kuti komboni yagwetsedwa. Sindinakhulupirire mpaka ndinakaona ndekha. Panatsala simenti ya pansi yokha, mizeremizere, njerwa anthu atatuta. Yathu ndinaizindikira ndi kufiira kwa kakhonde. Pichesi anali atadula. Sindinalire tsiku limenelo, ndinkangodziuza kuti nyumba ili m'filimu, ili m'thumba la jekete la Aphunzitsi. Ababa sindinawauze, ndipo azakhali anati tisawauze, chifuwa chingakule.

Zithunzi zinabwera kuchokera ku Harare mvula ili pakati. Tinakumana m'kalasi muja atatu, madzi akudontha pakona. Aphunzitsi anang'amba envulopu pamaso pathu, chifukwa lamulo linali lakuti asasuzumire panjira, n'kuyamba kuyala. Maso anga ankathamanga pa desiki kufuna denga la malata ndi zenera lopendekeka. Ndinaona masailo, ndinaona siteshoni, ndinaona thanki. Kenako ndinaona zinayi zachilendo.

Nyumba ya ababa inalipo, koma yotuwa ngati ili m'chifunga, ndipo patsogolo pake panaima zipilala zinayi zoyera, zazitali kupitirira denga. Masitepe a banki ankakwera kulowa pa zenera la ababa. Pa chithunzi cha khomo, chipilala chinadutsa pakati penipeni pa chitseko. Pichesi anamera m'kati mwa khoma la miyala. Zonse zinayi zinali choncho. Aphunzitsi podina mumdima anasokoneza nambala, n'kuima pa imene ine ndinayambira, m'malo mwa imene ndinathera, ndipo anajambula banki yawo pamwamba pa nyumba yathu.

Wa mawailesi anali asanamvetse. Ananyamula chimodzi, n'kupita nacho pazenera, n'kuimba mluzu.

"Maiwe! Ichi ndiye chithunzi. Chaka chonse tajambula zinyalala, ichi chokha ndiye cholowa m'felemu. Wachita bwanji ameneyu?"

Munthu amene sanayamikirepo chinthu changa n'kamodzi komwe! Ndinamulanda chithunzicho m'manja. Zimene ndinanena sindingazilembe zonse, chifukwa zina sizoyenera munthu wa kwaya. Ndinayamba m'Chishona, koma pakati ndinapezeka ndikukalipa m'Chichewa, chimene onse awiri samamva, ndipo sindinasiye. Aphunzitsi anali atakhala pa kampando ka ana, magalasi ali m'manja, nkhope itagwa.

"Pepani, sisi. Ndalakwa ndine. Filimu ikapezeka ina, tipita tonse, tikajambulanso. Gawo langa lonse ndikupatsani."

"Tikajambulanso chiyani?" ndinafunsa.

Anandiyang'ana, kenako anamvetsa. Mvula inkangogogoda pamalata. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti sanachite dala, anali munthu wabwino, wokalamba, wa njala ngati tonsefe, ndipo ndinalibe pomwe ndingautule mkwiyo wanga. Madzi akatayika saoleka. Ndinatola zinayi zanga, n'kuziika m'Baibulo kuti zisanyowe, n'kutuluka.

Sabata ziwiri ndinakhala nazo m'chipinda. Ndinkaziyang'ana madzulo alionse, kuyesa kuphimba zipilala ndi zala kuti ndione nyumba yokha, koma ukaphimba chipilala waphimbanso khoma. Ndinaganiza zowauza ababa kuti filimu inapsa. Koma iwo ankadikira, ndipo chifuwa sichinkadikira. Ndinasankha chija chapambali, pamene zenera lawo linkaonekako bwino, n'kukwera kombi ya ku Shamva.

Ndinawapeza pampando womwe uja, atafunda bulangeti masana. Anali ataonda. Azakhali anali kumsika.

"Chatuluka, ababa."

Anapukuta manja pabulangeti asanachilandire. Anachiyandikiza pamphuno, n'kuchitalikitsa, n'kutembenuka kuti dzuwa liwale pa icho. Ine ndinagwada pambali pawo, mawu opepesa ndawakonza kale pakamwa. Chala chawo chinayenda pang'onopang'ono mpaka chinaima pa zenera.

"Ili ndi langa ili," anatero. "Ndinaboola ndekha."

"Ndi lomwelo, ababa."

Chala chinasunthira pa chipilala, n'kukwera nacho mpaka pamwamba, n'kutsika.

"Nanga izi amanga liti?"

Ndinatsegula pakamwa, koma anapitiriza okha, mawu akukwera ngati a munthu amene wamva uthenga wabwino.

"Ndiye kuti sanagwetse! Aikonza. Taona, mpaka masitepe. Ndinkadziwa ine, nyumba ija njolimba, njerwa zake n'zakale. Munthu wanzeru sangagwetse nyumba ngati ija." Anaseka, kuseka n'kusanduka chifuwa, ndipo ndinawagwira msana mpaka chinatha. "Akukhalamo ndani tsopano? Ndi bwana?"

"Sindinawapeze, ababa," ndinatero. "Panalibe munthu."

"Ali ndi ana?"

"Kaya."

Anagwedeza mutu, akuyang'anabe chithunzicho, nkhope ili ngwee, mmene ndinali ndisanawaonere chichokereni kukomboni.

"Ukapitako ukawauze kuti chitseko chija chimafuna kunyamula pang'ono potseka. Asamachikankhe ndi mwendo, angachithyole. Wamva?"

"Ndamva, ababa."

"Usaiwale. Anthu achilendo sangadziwe."

"Ndikawauza."

Anaika chithunzicho m'thumba la malaya, cha pamtima, n'kutseka batani. Kenako anandiuza kuti ndinyamuke kusanade, makombi ndi ovuta masiku ano.